Ba Folomani Kutsogolo

Lachinayi, 10 Julayi 2025

Ine ndine Ferdinand Chikuse Nkhoma, mwana wa kum'mawa, wobadwira m'dera la Katete, amene ndinaphunzira Chilatini kwa ansembe ndili mnyamata, ndipo ndinaphunzitsa mbiri yakale ndi chinenero m'tauni ino ya Kafue kufikira tsiku limene boma linandipumitsa. Ndimakhala ndekha ku Nangongwe, m'nyumba imene mkazi wanga Mainess anandisiyamo. Sindinazolowere kulemba za mumtima. Zoterozo ndinkaziyesa ntchito ya ana a sukulu. Ndayamba lero chifukwa cha kavalo, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndilemba kuti maganizo anga aime pamzere, pakuti m'nyumba muno mulibenso wondiwongola ndikakhota.

Nkhani yake ndi iyi. M'mawa uno kunabwera Shadreck, munthu wamfupi wotsimphina uja amene amamata matayala m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka. Achinyamata amamudziwa ngati chidakwa. Ine ndimamudziwa ngati wokwera kavalo woposa onse amene maso anga anaonapo. Anaima pakhomo, kapusi m'manja, nakana mpando. Anati, "Ba Ticha, bafuna kumupaya." Sindinafunse kuti afuna kupha yani.

Fulmen. Kavalo wa malemu Titus Hamweemba, amene anali wophunzira wanga, kenaka injiniya ku fakitale. Pamene mafakitale anayamba kutaya anthu, Titus anatenga zonse zimene anamupatsa pomuchotsa ntchito nagula kavalo wamkazi wabere. Tauni yonse inamuseka. Mwana wa kavalo ameneyo ndiye anadzatseka pakamwa osekawo, nawatsegulanso ndi nyimbo.

Titus anamwalira chaka chatha. Mwana wake Derrick wagulitsa famu ija ya kuseri kwa mapiri kwa anthu odula maploti. Loweruka la sabata yamawa kudzafika munthu wa ku famu ya ng'ona, ndi mfuti, ndi galimoto yonyamulira nyama. Ng'ona nazonso zimadya, sindiziimba mlandu.

Dzina la kavaloyo ndinamupatsa ndine. Titus anadzandiitana m'mawa umene anabadwa: kamwana kakuda bii, miyendo ikunjenjemera, ndi mzere woyera wokhotakhota kuchokera pamphumi kufika pamphuno. Ndinati Fulmen, ndiko kunena mphezi m'Chilatini. Sindinapatsepo cholengedwa chilichonse dzina lochiyenera chotero, ngakhale ana anga amene.

Kuzizira. Magetsi kulibe chiyambire dzulo. Tiyi wopanda mkaka.

Lachisanu, 11 Julayi

Ndapita kukamuona. Basi mpaka pamphambano, kotsalako wapansi. Mawondo anga sanakondwe.

Zikhomo za maploti zafika kale pafupi ndi khola, chilichonse ndi kansalu kofiira. Iye anali chiimire pansi pa mkuyu. Msana walowa pansi ngati denga la nyumba yakale. Diso lakumanzere layera. Mano atalika, udzu wouma amautafuna n'kuulavula. Koma khosi! Khosi akulinyamulabe monga mwini malo. Ndinamupatsa nzimbe yosenda imene ndinaidula timagawo. Anadya mwaulemu, osalanda.

Ndinayenera kukhala pansi, pakuti zonse zinandibwerera pamodzi.

Masiku amenewo mpikisano wa akavalo unkachitika m'chilimwe, pa famu ina kutsidya kwa mlatho. Akavalo a anthu olemera a ku Lusaka ndi ku Mazabuka ankabwera m'malole a denga, atafunditsidwa mabulangete. Wathu ankapita wapansi, Shadreck atagwira chingwe, theka la Kafue likutsata m'mbuyo. Zinali zaka zimene machumuni ambiri anali atasiya kufuka, amuna akutandala pansi pa mitengo ya mango kusewera nsolo, atavalabe maovolosi a ntchito imene inatha. Munthu sankayang'ana mnzake m'maso. Koma tsiku la mpikisano nsapato zinkapukutidwa.

Fumbi lofiira. Fungo la chimanga chootcha. Munkoyo, thobwa lathu la kuno, m'zigubu. Mainess ndi chitambala chake chachikasu kumutu, chimene ndinkachiona ngakhale pakati pa chinamtindi cha anthu.

Nanga kathamangidwe kake! Akavalo ena amathamanga ngati akuthawa chikwapu. Iye ankatuluka patsogolo kuyambira poyambira pomwe, miyendo ikutambasuka mosapupuluma, ngati nthaka ndiyo ikudzipinda yokha pansi pake. Shadreck sanamukwapulepo. Akayandikira pothera, ankapotoza mutu pang'ono kuyang'ana a m'mbuyo, monga kapitawo woona ngati anthu ake akugwira ntchito. Anagonja kamodzi kokha, ndipo ngakhale pamenepo anafika woyamba: lamba wa chishalo anaduka, Shadreck anagwa nathyoka mwendo, kavalo anamaliza yekha. Oweruza anati wopanda wokwera sawerengedwa. Anthu a Kafue sanavomereze chiweruzo chimenecho kufikira lero.

Za dzina linalo ndiyenera kulemba, ngakhale cholembera chikukana. Tsiku loyamba, chimkuzamawu cha pabwalo chinali chokhosomola. Wolengeza atatchula Fulmen, Aaron Zimba, amene kale ankasonkha moto m'maboila a fakitale, anakuwa kuti, "Ati ndani? Folomani? Awe, Folomani tinamusiya ku fakitale!" Anthu anaseka. Kavalo atapambana, atapotoza mutu muja, nyimbo inabadwa pomwepo. Mbali ina: "Ba Folomani kutsogolo!" Mbali inzake: "Malebala kumbuyo!" Malebalawo, antchito wamba otsalira m'fumbi, anali akavalo a mabwana. Amuna ochotsedwa ntchito anaimba mawu amenewo misozi ikutsika.

Ine ndinawongola. M'basi, pamaliro, pakhomo la tchalitchi: Fulmen, osati chinacho. Ankagwedeza mutu mwaulemu, akafika pokhota aiwala. Kulemba ndalilemba lero dzinalo, koma pakamwa panga silinatulukepo, ndipo akuluakulu onse a tauni ino amadziwa.

Pobwerera ndinakumana ndi Derrick pachipata. Si mwana woipa. Anati, "Ba Ticha, sinifuna kumupaya. Manje nizamuika kuti, pa flati ku Lusaka? Ngati alipo womutenga, amutenge mahala. Koma Loweruka ikafika, yafika."

Pafunika munthu wa msipu, khola la denga, ndi gaga wa tsiku ndi tsiku. Ine bwalo langa limangokwana chingwe choyanikapo zovala.

Loweruka, 12 Julayi

Tsiku lonse patebulo. Ndalemba chilengezo choti chikawerengedwe m'tchalitchi mawa, ndime zitatu. Yoyamba ikumbutsa ulemerero ndi kudandaula ukalamba, yachiwiri ifotokoza za famu, yachitatu iulula kuti ngwaziyo ndi kavalo, ndipo ipempha malo. Liwu lalikulu ndalisunga kumapeto, monga anatiphunzitsira ansembe aja: womvera ayambe wamva njala, kenaka apatsidwe chakudya. Ndakopera ndi inki yakuda. Ndine wokhutira.

Lamulungu, 13 Julayi

Zilengezo zinali zambiri: za masika, za yunifolomu ya kwaya, za mpope wa madzi. Akatekisiti atafika pa changa anayang'ana pepala, nayang'ana wotchi, nawerenga ndime yoyamba yokha ndi mzere wotsiriza. Dzinalo analitchula Fulumeni. Mpingo unamva izi:

"Ngwazi yathu yakale Fulumeni, amene m'zaka zija za mdima anatiweramutsa mitu natiphunzitsanso kuimba, lero wakalamba, diso limodzi lachita khungu, alibe pogona, ndipo masiku ake atsala ochepa. Ofuna kuthandiza aonane ndi a Nkhoma."

Ndinapsa mtima. Kudula chiganizo cha munthu pakati! Koma kumbali ya azimayi ndinamva kubuula, ndipo wina anapukuta m'maso ndi chitenje. Mwina dzina loona linali litalowa m'mitima yawo, ine osadziwa. Mwina ndime imodzi yolembedwa bwino ikwanira.

Masana nshima ndi kapenta. Ndadya ndi mtima wopepuka.

Lolemba, 14 Julayi

Azimayi atatu a bungwe la mpingo, otsogozedwa ndi Mayi Gwendolyn Daka, atavala zitenje zofanana. Dengu lodzaza: mazira, shuga, malalanje, bulangete lopinda bwino. Ndinawapatsa mipando. Tinalonjerana mokwanira.

Mayi Gwendolyn anati, "Ba Ticha, tabwela pa nkhani ya ba Fada Fulumeni. Bali ku chipatala chiti?"

Ndinati sindinamve bwino.

"Ba Fada baja munalengeza. Ine nibakumbuka maningi. Batali, ndevu zofiira, benze kuyenda pa njinga yamoto. Ndiye banabatiza Melody wanga." Mnzawo anavomereza, nawonjeza kuti ankakonda nshawa zokazinga. Wachitatu anali atayamba kale kulira.

Ndinaimirira. Ndinati, "Amayi, Fulmen si wansembe. Ndi kavalo."

Anayang'anana onse atatu.

"Hosi?" anatero Mayi Gwendolyn. "Mwatililisa mu chechi pa nkhani ya hosi? Ba Ticha, pa msinkhu wanu?" Dengu linabwerera pamutu ndisanamalize chiganizo changa chachiwiri. Lalanje limodzi linagwa, nkugubuduka pansi pa mpando.

Ndinadziwa liwu limene likanawabweza asanafike pachipata. Linakwera mpaka pakhosi. Ndinalimeza.

Lalanje ndalisunga. Ndi la Fulmen.

Lachiwiri, 15 Julayi

Lamya kwa osunga akavalo a ku Lusaka. Woyamba anafunsa zaka zake, nati pepani. Wachiwiri anafunsa ngati ana angathe kumukwera. Nditati ayi, lamya inaduka. Kenaka mwana wanga Towela, amene wamva kale, sindidziwa kwa yani: "Adadi, ni hosi chabe. Mwamwa mankhwala yanu lelo?"

Kusitolo mtsikana wogulitsa anandilankhula mokweza ndi pang'onopang'ono, monga amachitira ndi ogontha. Nkhani yafalikira: a Nkhoma mutu wayamba kuwasokonekera, akupempha Misa ya kavalo. Zaka zonsezi ndinayenda m'tauni ino anthu akutsitsa mawu ndikamadutsa. Lero akuwakweza.

Mphepo ya fumbi tsiku lonse. Bondo lakumanja latupa.

Lachitatu, 16 Julayi

Ndinapita kwa Shadreck pamsewu. Ndinamupeza akumiza chubu m'beseni kufunafuna poboola. Ndinamufunsa chifukwa chimene iye sauzira anthu, popeza dzina lawo lija iye salikana.

Anati, "Nakamba, Ba Ticha. Zaka zingati nikamba? Bakuti Shadreck akamwa amaona mahosi."

Ndi zoona, ndipo ndinali nditaiwala. Chaka chija matenda anapha akavalo ambiri m'mafamu, mipikisano italekeka kale, mphekesera inati nayenso wafa. Titus anali wodwala ndi wokhumudwa. Anatseka chipata chake, osatsutsa. Anthu analira, napukuta misozi, napitiriza moyo. Kwa iwo kavalo uja anaikidwa kalekale.

"Koma imwe," anatero Shadreck, "simunanamepo olo kamozi. Na zina ija simuikamba, aliyense aziba. Mukaimilila pa maliketi, imwe, na jekete yanu, mukambe kuti ba Folomani bali moyo, ndani azakana?"

Ndinati ndidzanena Fulmen, ndipo ndidzafotokoza bwinobwino.

"Ku bamai ba tomato? Loweruka izakupezani mukali pa ndime yoyamba."

Ndinamuuza kuti ndi wamwano. Anati, "Inde, Ba Ticha," napitiriza kutembenuza chubu m'madzi. Sindinamve fungo la mowa. Pamene ndinkanyamuka anati wayamba kumusambitsa ndi kumupesa masiku onse, kuti munthu wa mfuti asadzaone ngati akuwombera chinthu chotayidwa.

Ndinabwerera wapansi. Sindinafune kukhala pafupi ndi anthu m'basi.

Lachinayi, 17 Julayi

Sindinatuluke.

Anthu amayesa kuti ndi kunyada kwa Chilatini. Poyamba kunali komweko, ndipo sindipepesa: Fulmen ndi dzina labwino. Koma kunyada kokha sikukanakhala moyo zaka zonsezi popanda wokudyetsa.

Mainess, amene pakamwa ndinkamutcha a Nangoma monga mwa mfunda wake, ndiye ankakuwa koposa onse pabwalo paja. Mkazi waulemu, wa kwaya, wosakwezera munthu mawu. Koma kavalo akatulukira pokhota potsiriza, chitambala chinkachoka kumutu nkupita m'mwamba, mwini wake akudumpha ngati mtsikana. Pobwerera, mapazi ali fumbi lokhalokha, ankandiputa njira yonse.

"Aphunzitsi anga, wapambana ndani lero?"

"Fulmen."

"Ndani? Nenaninso, khutu ili lalowa fumbi."

Kunyumba ankanditchera misampha: pondipatsa madzi osamba, pakati pa nkhani ya ana, ngakhale pondidzutsa tulo tisanandichoke m'maso. Sanandigwire. Potsiriza anati, "Tsiku lidzafika. Likadzafika mudzabwere pamaso panga, muvule chipewa, munene kuti: a Nangoma, mwapambana." Ndinalonjeza ndikuseka, podziwa kuti silidzafika.

M'chipatala, sabata yake yotsiriza, mawu atamuchepera, anandikodola kuti ndiwerame. Ndinayesa afuna madzi. Anati, "Simunanenebe?" Ndinati, "Sindinanene." Anamwetulira. "Chabwino. Ndidikira."

Ichi ndicho Shadreck sadziwa. Zonse za ife awiri zinatha: mikangano inatha, ana anakula, zovala zake zinagawidwa. Chimene sichinathe ndi masewera amenewa okha. Malinga ndisanatchule, a Nangoma akudikirabe, ndipo munthu wodikira sanachoke kwenikweni. Ndikatchula, masewera atha.

Uku kavalo wamoyo, wofunda, wodya nzimbe mwaulemu. Uku liwu limodzi.

Ndatulutsa chitambala chachikasu m'sutikesi. Ichi chokha ndinabisa tsiku logawa zovala. Fungo lake linatha kale.

Ndasita jekete.

Lachisanu, 18 Julayi

Ndanena.

Pakhosi pakuwawa. Sindingathe kulemba.

Lamulungu, 20 Julayi

Dzanja lakhazikika, ndilembe mwadongosolo.

Lachisanu m'mawa ndinapita kumsika nditavala jekete yakuda, chitambala chili m'thumba lamkati. Ndinakwera pa sitepe ya pakati pa ogulitsa tomato ndi ogulitsa nsomba zouma. Ndinayamba monga ndinakonzera: "Anthu a Kafue, ndimvereni." Palibe anatembenuka, kupatula mayi wina amene anauza mnzake kuti, "Ni baja ba hosi." Mawilibala, mawailesi, oitanira malonda. Mawu anga a m'kalasi, amene kale ankatontholetsa ana osamva, anamira ngati mwala m'dziwe.

Pamenepo ndinatseka maso. Ndinaona chachikasu. Ndinakoka mpweya, ndipo ndinakuwa monga sindinakuwepo chibadwire:

"Ba Folomani kutsogolo!"

Msika unaima. Sindikukokomeza, ndinamva ntchentche pa nsomba. Achinyamata anayang'anana. Kenaka, kuchokera kwa ogulitsa makala, liwu lokalamba, losweka: "Malebala kumbuyo!" Anali Aaron Zimba, wakuda ndi makala mpaka m'zikope, ataimirira pa thumba lake. Ndinabwereza. Anayankha ochepa, onse a imvi. Ndinabwerezanso. Linayankha denga lonse la malata.

Aaron anandifika pafupi, pakamwa pali yasa. "Ba Ticha, imwe? Mwakamba imwe? Kansi dziko yasila, yafika pa mapeto!"

Ndinati, "Ali moyo. Ali kufamu ya malemu Titus. Mawa amuwombera mfuti kuti akadyetse ng'ona, pokhapokha atapezeka womusunga."

Palibe anafunsa umboni. Mayi Gwendolyn anakankha anthu mpaka kufika pa sitepe, manja m'chiuno: "Nanga simunakambe bwanji kuti ni ba Folomani? Kutizungulusa na ba Fada!" Ndinawakumbutsa mwaulemu kuti ba Fadawo ndiwo anabatiza Melody. Msika unagwa nako kuseka, iwonso anaseka, nandimenya paphewa, chinthu chimene palibe anayesapo.

Amene anathetsa nkhani ndi Mayi Nchimunya Hachilensa, wamasiye wa ng'ombe zambiri, amene amagulitsa mabisi, mkaka wowawasa uja, pakhomo la msika. Sanakuwe nawo. Anadikira phokoso litsike, nati malo alipo kumtunda kwa munda wake, kutali ndi udzudzu wa kudambo. Anati malemu mwamuna wake anamufunsira ukwati atatsamira mpanda wa bwalo la mpikisano, ndipo iye anavomera asanamve bwino funso, chifukwa maso anali pa kavalo. "Ni ba Folomani bananikwatilisa," anatero. "Babwele."

Zotsalazo zinayenda zokha. Amuna akale a mafakitale, ena a ndodo, anasonkhanitsa malata akale ndi mitengo; dzuwa lisanalowe khola linali litaima, lokhota pang'ono, koma la denga. Wachigayo analonjeza gaga. Ogulitsa kabichi analonjeza masamba otsala.

Dzulo m'mawa tinafika kufamu tili khamu. Shadreck anali atavala malaya ake obiriwira a mpikisano, amene tsopano sakumana pamimba. Kavalo anali kunyezimira. Munthu wa ng'ona anafika, naona anthu, nadandaula za mafuta amene waononga; Derrick anamutengera pambali, ndipo galimoto inabwerera yopanda kanthu. Derrick anapereka chingwe kwa Shadreck nkhope atayang'anitsa kumbali.

Palibe anamukwera. Tinayenda pang'onopang'ono, iye patsogolo, ife m'mbuyo, monga kale. M'tauni wapolisi anaimitsa malole a pamsewu waukulu, madalaivala akuliza mabelu mosadziwa chimene akulizira. Achinyamata anakweza malamya awo kujambula, akufunsa makolo kuti ameneyu ndani, ndipo makolo ankayankha onse pamodzi, aliyense ndi mpikisano wake. Pamsika kavalo anaima, natambasula khosi, natenga kabichi yathunthu pa tebulo la mayi wina. Mayiyo anayamba kukuwa, kenaka anadziletsa: "Lekani badye. Ni ba bwana."

Titadutsa njanji, pamene msewu umayamba kukwera, nyimbo inakula. Kavalo anaimika makutu. Kenaka anapotoza mutu, pang'onopang'ono, natiyang'ana ndi diso lake labwinolo: nkhalamba zotsimphina, zopuma wefuwefu, zitamwazikana msewu wonse. Aaron anakuwa, "Batipenda! Fulumilani, bazatichosa nchito!" Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi m'fumbi.

Ine ndinapisa dzanja m'thumba. Sindinadumphe, msinkhu ndi mawondo sizilola. Koma chitambala ndinachikweza m'mwamba, ndipo sindinachitsitse mpaka tinafika.

Sindidzinamiza. Kavaloyu ndi wokalamba kwambiri. Mwina mvula ikubwerayi sadzaimaliza. Koma adzagona pa udzu, Shadreck ali pambali, anthu akudziwa. Lalanje lija ndinamupatsa pakhomo la khola latsopano. Ananunkhiza, nalikana. Ndinadya ndekha.

Lero titatuluka m'tchalitchi, Aaron anandionetsa thabwa lokakhoma pakholapo. Walemba ndi penti yoyera: BA FOLOMAN. Anafunsa mwamantha ngati awonjezere "ija ya Chilatini" pansi pake. Ndinati ayi. Dzina limenelo linalembedwa kale pamphumi pa mwini wake, ndi dzanja loposa la Aaron ndi langa, silisowa thabwa. Koma ndinamulamula kuti awonjezere I kumapeto. Liwu likalowa m'chinenero chathu lilowe litavala bwino. Silingathere pa N ngati munthu wopunthwa pakhomo. Anati, "Inde, Ba Ticha," napita kukafuna penti.

Chatsala chimodzi. Masewera atha, ndipo ndagonja pamaso pa mboni zodzaza msika. Ndinkaopa kuti nyumba idzakhala yachete koposa kale. Sindidziwabe, nthawi yake yachepa. Koma ndinalonjeza, ndipo munthu wadikira mokwanira.

Chotero ndatsimikiza, ndipo ndikulemba kuti ndisabwerere m'mbuyo: mawa m'mawa ndidzavala jekete yakuda, ndidzapita kumanda wapansi, ndidzaima kumapazi kwa mkazi wanga, ndidzavula chipewa, ndipo ndidzanena mokweza, mosameza mawu, kuti: a Nangoma, mwapambana.

Ferdinand Chikuse Nkhoma
Nangongwe, Kafue